Kope la mtsikana wa Fomu 3 ndi buku la a Tcheya

Pali buku lina la hadikava, lachikuto chakuda chothetheka m'mbali, limene ndayenda nalo m'chikwama kwa zaka zoposa zitatu. Loweruka lapitali ndalipereka kwa munthu wina. Chiliperekereni, maganizo anga akungobwerera pa tsamba limodzi la m'bukumo, pamene pali nambala 1681 yozunguliridwa ndi cholembera chofiira.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Blantyre. Bukulo ndi la maminitsi a kagulu kathu ka aphunzitsi a masamu, kamene kamakumana Loweruka loyamba la mwezi m'kalasi yobwereka. Tilibe ofesi, tilibe chidindo, tilibe akaunti ku banki. Komabe ndafika pokhulupirira kuti ntchito ya kagulu kameneka ndi yomweyo imene amagwira mabungwe akuluakulu a akatswiri a masamu ku London kaya ku Berlin, ndipo nthenda zake n'zofanananso.

## Kope la mwana uja

Zinachitika Covid asanabwere. Mtsikana wina wa Fomu 3, wa ku Ndirande, mwana wosakonda kukweza dzanja m'kalasi, anandidikirira pakhomo la ofesi ya aphunzitsi nthawi ya buleki. Ananyonyomala pang'ono n'kundipatsa kope ndi manja awiri.

“Aphunzitsi, ndapeza njira yopangira ma prime.”

Amene munadutsa ku sekondale mukukumbukira kuti prime ndi nambala imene sigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 7, 13 kapena 29. Manambala amenewa amamera ngati bowa: ukaupeza pano, sudziwa kuti wina utulukira pati. Ndiye mwana akati wapeza njira yowapangira, mtima umayamba wakana.

Njira yake inali iyi. Yambani pa 41. Onjezerani 2, mupeza 43. Onjezerani 4, mupeza 47. Kenako 6, kenako 8, kumangokwera ndi ziwiriziwiri: 53, 61, 71, 83, 97, 113, 131, 151. Onsewa ndi ma prime. Masamba oyambirira a kopelo anali odzaza ndi zofafaniza. Anayesapo kuyambira pa 5, zinaduka msanga. Anayesa pa 11, zinayenda kenako n'kuduka. Pa 17 zinafika patali koma zinadukabe. Koma 41 inakana kuduka. Mwanayu anali ataonjezera ka 24, nambala iliyonse akuigawa pamanja, poti kwawo kunalibe kakyuleta.

Usiku umenewo magetsi anali atazima. Ndinayatsa kandulo, n'kutenga kakyuleta yanga, ndipo ndinapitiriza pamene iye analekezera. Ndinafika pa kuonjezera ka 30, pa nambala 971. Imeneyonso inali prime. Ndinakhala pampando nthawi yaitali ndikuyang'ana kopelo. Pa sukulu yathu, wophunzitsa masamu a Fomu 3 ndi 4 ndinali ndekha. Panalibe woti ndimugogodere m'mawa n'kumuuza kuti taonani izi. Akulu anati safunsa anadya phula, koma munthu umafunsa pamene pali woti umufunse.

Ndinaimbira foni a Tcheya.

## Loweruka lija

A Tcheya, wapampando wa kagulu kathu, anali mphunzitsi wopuma, amene anayamba kugwira choko m'nthawi ya Kamuzu. Ankabwera ku msonkhano atavala jekete ngakhale mu Okutobala, buku lakuda lija lili m'khwapa. Nditawafotokozera pa foni anangoti, “Mwanayo angabwere? Kapempheni kwa makolo ake.”

Anabwera ndi amayi ake, amene anasiya benchi yawo ya tomato pa msika m'manja mwa mnzawo. Mayiwo anakhala kumbuyo kwenikweni, chitenje atachikokera m'mapewa, osadziwa ngati mwana wawo waitanidwa kuti ayamikiridwe kapena walakwa. Aphunzitsi tinalipo 11.

A Tcheya anapatsa mwanayo choko. “Mwanawe, bolodi ndi lako. Tiphunzitse.”

Analemba mndandanda wake dzanja likunjenjemera. Nditanena kuti ine ndafika pa 971, m'kalasimo munamveka kung'ung'udza kwa chidwi. Bambo wina anati izi zipite ku yunivesite. Wina anati tiitane atolankhani. Tonse tinatembenukira kwa a Tcheya kuti agamule.

Iwo sanagamule. Anaimirira n'kuyamba kugawa ntchito ngati akugawa mizere m'munda. “Inu tengani ya 31 ndi ya 32. Inu ya 33 ndi ya 34. Madamu, inu tengani ya 39 ndi ya 40.” Aliyense anapatsidwa zake, ndipo anatiuza kuti munthu akamaliza asinthane pepala ndi woyandikana naye kuti aonenso.

Munangoti zii, kumangomveka timabatani ta makakyuleta. Wina anati 1033 ndi prime. Wina anati 1097 nayonso. 1163, 1231, 1301, 1373, 1447, 1523, onse analowa. Madamu aja, mphunzitsi wachitsikana amene anali atangotuluka kumene ku koleji ndipo anali asanayankhulepo pa msonkhano uliwonse, anati 1601 ndi prime. Kenako anaonjezera 80, n'kupeza 1681. Anaigawa ndi 3, ndi 7, ndi 11, ndi 13, mpaka 37, yonse ikukana. Ndinawaona akutsegula pakamwa kuti anene kuti nayonso yalowa. Anaima kaye. Anadinanso kamodzi.

“Pepani,” anatero motsitsa mawu. “1681 ndi 41 kuchulukitsa ndi 41.”

Ndinayang'ana mwana uja. Misozi inali italengeza. Kumbuyo kuja amayi ake anayamba kukonza chitenje ngati munthu woti azinyamuka. Ineyo ndinadziimba mlandu kuti ndabweretsa mwana wa eni kudzamuchititsa manyazi pamaso pa akuluakulu.

A Tcheya anayenda mpaka pa bolodi n'kuima pambali pake. “Usapukute misozi ndi dzanja la choko, mwana wanga. Tandiuza, ukaphatikiza 2, 4, 6, mpaka kufika pa 80, zikwana zingati?”

Anawerengera pakona ya bolodi. “1640.”

“Muli ma 41 angati m'menemo?”

Anagawa. “40.”

“Nanga unayambira pa chiyani?”

Mwanayo anakhala chete, kenako nkhope yake inasintha. “Ma 41 okwana 40, kuonjezerapo 41 woyambira uja. Ndiye akhala 41.” Sanadikire funso lina. Anathamangira pa desiki, n'kutsegula masamba ofafanizidwa aja. Ya 5 inadukira pa 25. Ya 11 inadukira pa 121. Ya 17 inadukira pa 289. Iliyonse inafera pa iyo yomwe kuichulukitsa ndi iyo yomwe.

“Ndiye kuti nambala iliyonse imene ndingayambirepo iyenera kuduka basi,” anatero. “Ikachedwetsetsa, idukira pamenepo.”

“Mlembi, lembani,” anatero a Tcheya. Anatchula okha mawu oti alembedwe: tsiku, dzina la mwanayo, kuti wapeza ma prime 40 otsatizana mwa njira yake, kuti Madamu akutiakuti apeza pamene njirayo ikuthera, ndiponso kuti mwanayo wasonyeza chifukwa chake. Atamaliza m'pamene anatiuza kuti Leonhard Euler, katswiri wa ku Switzerland, anazindikira mndandanda womwewu mu 1772. Anatembenukira kumbuyo n'kuti, “Mayi, mwana wanu wayenda yekha njira imene anayendamo munthu wamkulu kwambiri pa masamu. Musamuletse kuwononga makope.”

## Mu minibasi

Pobwerera tinakwera minibasi imodzi pa Ginnery Corner kulowera ku Limbe. Tinapanikizana pa mpando wakumbuyo, buku lili pa miyendo pawo. Mtima wanga unali usanakhazikike.

“Bambo, ndiye kuti munkadziwa kuyambira pa foni paja?”

“Ndinkadziwa.”

“Bwanji osangondiuza? Mwana uja akanapulumuka misozi.”

Anayang'ana pawindo kwa kanthawi. “Aphunzitsi, ndikanakuuzani, inu mukanamuuza, iye akanatseka kope. Madamu aja akanakhalabe osayankhula. Ndipo mwezi wamawa mukanandiimbiranso ndi funso lina. Nanga tsiku limene foni yanga idzaleke kuyankhidwa?”

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti wapampando wa bungwe la ophunzira ndi munthu wodziwa kuposa onse. Pa masamu, chinthu sichikhala choona chifukwa wanena ndi wamkulu. Chimakhala choona anthu ena akachiunika, mzere ndi mzere, n'kulephera kuchigwetsa. Magazini a mabungwe amenewa amagwira ntchito yomweyo: munthu akatumiza zimene wapeza, akonzi amazipereka kwa akatswiri anzake kuti azifufuze zisanasindikizidwe. Kusinthana mapepala kumene a Tcheya anatichititsa kunali komweko, kungoti kwathu kunachitikira pa madesiki othyoka.

Ndipo mabungwe otchukawo sanayambe ndi nyumba zosanja. London Mathematical Society inayamba mu 1865, maganizo ake atachokera kwa anyamata awiri ophunzira pa University College London amene ankafuna malo okambirana masamu. Mmodzi anali mwana wa katswiri wa masamu Augustus De Morgan, ndipo bambo akewo ndi amene anakhala pulezidenti woyamba. American Mathematical Society inayamba mu 1888 ngati kagulu ka mumzinda wa New York. Kuno kwathu, amene mumadutsa pa Mandala House mukudziwa kuti pamenepo pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe la mbiri ndi sayansi limene linayamba mu 1946. Anthu ochepa, chipinda chimodzi, ndi wina wolemba zimene zanenedwa.

## Munthu wa ku Berlin

Pa tsamba lomwe lija, m'munsi, pali funso limene mwanayo anafunsa asanatuluke: kodi ilipo nambala yoposa 41 imene ingayende mpaka pa iyo yomwe kuichulukitsa ndi iyo yomwe osaduka panjira? A Tcheya analamula kuti nalonso lilembedwe.

Patapita nthawi ndinalifufuza, ndipo nkhani yake inandisowetsa tulo. Yankho ndi lakuti palibe. Manambala amene amachita zimenezi ndi 2, 3, 5, 11, 17 ndi 41 basi. Koma kutsimikiza kuti palibenso ina kunadalira funso lina lovuta kwambiri, limene linachokera kwa Carl Friedrich Gauss, katswiri wakale wa ku Germany. Mu 1952, Kurt Heegner, munthu wa ku Berlin amene ankachita masamu payekha wopanda mpando wa pa yunivesite, anasindikiza umboni wake. Akatswiri anauona ngati uli ndi mabowo, nauika pambali. Heegner anamwalira mu 1965 ntchito yake isanavomerezedwe. Alan Baker ndi Harold Stark anadzatsimikiza zomwezo mu 1966 ndi 1967, aliyense mwa njira yake, ndipo Stark atabwerera ku pepala la Heegner anapeza kuti mkuluyo analondola, chimene chinasowa chinali chaching'ono.

Zaka zoposa 10 pepala lili poyera, mwini wake ali moyo, popanda wina wonena kuti inu tengani tsamba ili, inu tengani ilo, tione ngati munthuyu akunena zoona. Zimandiwawa ndikaganiza kuti mtsikana wa ku Ndirande analandiridwa bwino m'kalasi yathu yobwereka kuposa mmene Heegner analandiridwira ndi akatswiri a dziko lonse.

Kutsekereza anthu kunja kunagwetsapo ngakhale bungwe lalikulu kuposa onse. International Mathematical Union inakhazikitsidwa mu 1920, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, ndipo akatswiri a ku Germany sanaloledwe pa misonkhano ya ku Strasbourg mu 1920 ndi ku Toronto mu 1924. Panafunika kulimba mtima kwa Salvatore Pincherle, amene anakonza msonkhano wa ku Bologna mu 1928, kuti awaitanenso, ndipo David Hilbert wa ku Germany anatsogolera gulu la kwawo kupita kumeneko. Koma bungwelo linali litavulala kale. Linafa m'zaka za m'ma 1930, n'kudzadzukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ndipo linadikira mpaka 2011 kuti likhale ndi pulezidenti wamkazi, Ingrid Daubechies. Mu 2014 ku Seoul, iye ali pampando, Maryam Mirzakhani wa ku Iran anakhala mkazi woyamba kulandira Fields Medal, mendulo yapamwamba ya masamu imene inayamba kuperekedwa mu 1936. Atsikana a m'kalasi mwanga ndimawauza zaka zimenezi dala.

## “Apitirize!”

Tsopano ndinene za kulakwa kwathu, poti ndikapanda kutero nkhaniyi ikhala yongotamanda.

Chaka chilichonse mu Januwale tinkayenera kusankha atsogoleri. Chaka chilichonse a Tcheya ankaimirira n'kunena kuti akalamba, wina atenge. Ndipo chaka chilichonse tinkaombera m'manja n'kukuwa kuti, “Apitirize!” Tinkati ndi ulemu. Kunena zoona, unali ulesi wovala jekete la ulemu. Iwo ndi amene ankapempha kalasi kwa ahedi. Iwo ndi amene ankaimbira aliyense Lachinayi ndi mayunitsi a penshoni yawo. Iwo ndi amene ankakangana ndi aja ofunsa kuti kodi pali alawansi, n'kuwauza kuti uwu si wekishopu, pano pali tiyi ndi zitumbuwa za ndalama imene tasonkha tokha. Munthu amene anatiphunzitsa kugawana manambala tinamusiyira mtolo wonse yekha.

Atadwala, mwezi woyamba tinati tidikire achire. Mwezi wachiwiri panalibe anaimba foni. Pofika mwezi wachisanu kagulu kanali katafa, popanda wonena kuti kafa.

Ndinadzamvetsa mochedwa chifukwa chimene mabungwe akale amaikira malire. Pulezidenti wa London Mathematical Society amakhala zaka 2. Wa American Mathematical Society, zaka 2. Wa International Mathematical Union, zaka 4. Sikuti anthuwo amakhala atalephera. Lamulolo limakakamiza mamembala kuti nthawi zonse akhale akukonzekeretsa wina, ndipo limateteza mtsogoleri wabwino ku chikondi cha anthu ake chomwe.

## Alendo anafika, ife tili mtulo

Mu Novembala 2019, msonkhano wapachaka wa SAMSA, bungwe la akatswiri a masamu a kumwera kwa Africa limene linayamba mu 1981, unachitikira konkuno ku Blantyre. Pamodzi nawo panali pologalamu yolumikiza ofufuza a ku Africa ndi a ku America, imene anaitsogolera Pulofesa Overtoun Jenda, Mmalawi wa pa Auburn University. Dzina la pologalamuyo ndi liwu lathu lomwe: Masamu.

Ine ndinamva msonkhano utatha, kwa mnzanga wa ku koleji amene ndinakumana naye mu Victoria Avenue. Sindikuloza chala amene anakonza. Iwo anachita mbali yawo, anabweretsa akatswiri mumzinda wathu. Mbali yotsala inali yathu. Uthenga wotere umafika kwa mphunzitsi wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni kudzera m'timagulu ngati kathu, ndipo kathu kanali kali gone. Pakanakhala wapampando, akanalemba kalata yopempha kuti aphunzitsi angapo ndi ana awo akakhale nawo ngakhale tsiku limodzi. Mwana wa kope uja anali atalemba kale MSCE. Akanaona ndi maso ake kuti kuli anthu akuda ngati iye amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi mafunso ngati ake.

Makwerero alipo. African Mathematical Union inakhazikitsidwa ku Rabat mu 1976, pulezidenti woyamba ali Henri Hogbe Nlend wa ku Cameroon. Ili ndi magazini yake, Afrika Matematika, ndiponso mpikisano wa ana a sekondale wa Africa yense umene unayamba mu 1987. Mu 2017 inasankha mayi woyamba kukhala pulezidenti, Nouzha El Yacoubi wa ku Morocco. Ku Cape Town kuli AIMS, sukulu ya ukachenjede ya masamu imene yakhala ikuphunzitsa achinyamata a Africa kuyambira 2003. Koma makwerero onsewa phazi lake loyamba lili m'kalasi ya fumbi, ndipo phazi limenelo silingaikidwe ndi munthu wa ku Rabat.

Sabata yomweyo ndinapita kukaona a Tcheya. Anali atawonda kwambiri. Sanandidzudzule. Anauza mdzukulu wawo kuti akatenge buku lija kuchipinda, n'kundipatsa ndi manja awiri. “Aphunzitsi, manambala a foni ali kumapeto. Ena anasintha, mufufuze.” Covid inatichedwetsa, ndipo iwo anatisiya tisanakumanenso ngati gulu.

## Loweruka lapitali

Titadzutsanso kagulu kathu, chinthu choyamba kulembedwa m'bukumo chinali chakuti wapampando azikhala zaka 3, osapitirira, ndipo mlembi ndi msungichuma azikhala anthu ena, osati iye yemweyo. Chachiwiri, kuti msonkhano uliwonse uzikhala ndi mphindi 30 za mwana wa sukulu kapena mphunzitsi watsopano pa bolodi.

Sizinayende mosalala. Mu Malichi 2023 tinakonza zoti tisonkhanitse ana pa 14, tsiku la masamu la dziko lonse limene UNESCO inavomereza mu 2019. Namondwe Freddy anafika masiku omwewo. Matope anatsika m'phiri la Soche, sukulu zinatsekedwa, makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Masamba akumapeto a buku lija anagwira ntchito imene sindinaiganizirepo: ndinaimbira dzina ndi dzina kufunsa ngati ali moyo. Mmodzi wa ife, wa ku Chilobwe, nyumba yake inapita ndi mabuku onse. Ndalama ya tiyi ya miyezi itatu inagula mabulangete.

Loweruka lapitali zaka zanga 3 monga wapampando zinakwana. Nditangoimirira, bambo wina kumbuyo anayamba, “Apiti…” Ndinamupempha kuti asamalize. Tinavota polemba pa timapepala tong'amba m'kope, ndipo mavoti anagwera Madamu aja, amene tsopano amaphunzitsa Fomu 4 ndipo sachitanso manyazi kuuza munthu wamkulu kuti mzere wachitatu walakwika.

Ndinawapatsa bukulo ndi manja awiri. Iwo analitsegula, n'kupita molunjika pa tsamba lija, ngati ankadziwa pamene lili. Anayang'ana 1681 kwa kanthawi. Kenako anatembenuza masamba mpaka pa loyera, n'kulemba tsiku, n'kuitana mnyamata wa Fomu 2 wa ku Zingwangwa amene anali atakhala pa benchi panja chifikireni m'mawa, kope lake lili m'jumbo ya shuga kuopa mvula.